Mwana amene ndinkamutumiza ku mbalame

Ana anga, Tadala, Chikondi ndi iwe Yamikani, ndayamba ndagwada ndisanagwire cholembera, chifukwa gawo ili la mbiri yanga ndalizemba miyezi itatu. Za ukwati wanga ndi malemu bambo anu ndinalemba mosavuta, za nyumba ya malata ino chimodzimodzi. Ili ndi la ntchito. Mukudziwa kuti anthu kuno amanditchulabe kuti Madamu ngakhale sukulu ndinalekezera Sitandade 8, ndipo pabalaza pali satifiketi ija ya m'galasi imene mumaonetsa alendo monyadira. Ndikufuna mudziwe zimene zili kuseri kwake. Mulungu akuzidziwa kale, mwatsala ndinu.

Chaka choyamba

Ntchito ya ulezi sindinaifunsire. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, a Chikopa, wapampando wa komiti ya sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu muno ku Malemia, anandiimitsa panjira. "Amake Tadala, kalata mumatha kuwerenga?" Ndinati ndimayesako. "Nanga kuimba?" Ndinati za kwaya zokha. "Basi mwalembedwa. Mawa mubwere ndi tsache lanu."

Sukuluyo inali chisakasa cha udzu pakati pa mitengo iwiri ya mango, pamtunda pomwe ukaima umaona minda ya mpunga kumunsi. Ana anali opitirira makumi asanu. Bolodi linali chitseko chakale chimene tinkachidetsa ndi makala, choko anali makaka, chinangwa chouma chija. Ukangotembenuka pang'ono, choko chadyedwa. Malipiro ake anali kapu ya phala ndi mawu oti Ambuye akudalitseni, ndipo sindikudandaula, anandidalitsadi. Mnzanga pantchitoyo anali Abiti Saidi, mayi wachiyao wophika phala, wamtali, wosatha kusunga mawu m'kamwa. Ankanditcha Che Madamu pofuna kundiseka.

Ndinkaphunzitsa monga momwe anandiphunzitsira ine. Ndikati a, e, i, o, u, ana onse ankakuwa pambuyo panga. Ndikati ba, be, bi, bo, bu, phokoso linkafika kudimba. Makolo ankakondwa. "Ana akuphunzira, tikumamvera kumunda komwe." Abiti Saidi yekha ndiye ankati, "Che Madamu, awa akuwerenga kapena akuthamangitsa anyani?" Ndinkaseka, koma ankanena zoona. Ukaloza chilembo chimodzi pachokha n'kufunsa mwana mmodzi, ankangoyambanso nyimbo yonse kuchokera pa a.

Chaka chachitatu

Bungwe lina, limene sinditchula dzina, linaitana alezi ku maphunziro a masabata awiri ku Zomba. Kunali koyamba ine kugona pabedi la ndekha. Amene ankatiphunzitsa anali Mayi Matewere, mayi wamfupi wovala nsapato za kanvasi, amene anapuma atagwira Sitandade 1 moyo wawo wonse. Tsiku loyamba anafufuta zilembo zonse pabolodi n'kunena kuti, "Mwana amayamba kuwerenga ndi khutu, diso limabwera pambuyo." Anatiuza kuti mawu alionse ali ngati mkanda wa m'khosi, wopangidwa ndi timikanda tating'ono, ndipo kamkanda kalikonse ndi liwu. Mwana asanaone chilembo, ayambe wamva maliwuwo payekhapayekha. Anati tinene "moto" pang'onopang'ono mpaka timve kuti akuyamba ndi mmm, milomo ili chitsekere. Ine mayi wa ana atatu ndinakhala pamenepo ndikung'ung'udza ngati njuchi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti m'mawu amene ndayankhula moyo wanga wonse muli tizidutswa. Ndinatsala pang'ono kulira. Anatiphunzitsa kuika zitsekerero za mabotolo pansi, chimodzi pa liwu lililonse. Anatiphunzitsa kuwomba m'manja potchula maina a ana, ndi masewera otsinzina, oti mwana akamva mawu oyamba ngati "mayi" akweze dzanja.

Tsiku lomaliza anatipatsa lamulo limodzi, ndipo analibwereza katatu. "Teremu iliyonse mutenge mwana aliyense payekha. Muime kumbuyo kwake, asaone pakamwa panu, munong'oneze mawu, iye abwereze. Pagulu aliyense ndi katswiri. Kumbuyo n'komwe mudzadziwe amene akumva."

Nditabwerako ndinayamba kutola zitsekerero kuseri kwa magolosale ku Songani. Anyamata a maminibasi ankandikuwiza kuti, "Amayi, zayamba liti?" Bambo anu ankangoseka n'kundinyamulira jumbolo panjinga. Koma njirayo inagwira. Ana a m'kalasi mwanga atapita ku Sitandade 1 anayamba kuwerenga anzawo asanadziwe kugwira buku. Aphunzitsi aakulu a kupulayimale anatumiza uthenga wothokoza, ndipo unawerengedwa kutchalitchi. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyenda khosi lili chiimire. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine sindinaone amalondawo.

Lamulo lija la kuima kumbuyo ndinalitsata teremu imodzi yokha. Linanditengera masiku atatu. Ndikakhala ndi mwana mmodzi, enawo ankamenyana, wina wagwera m'ngalande, wina wathawira kwawo. Ndinadziuza kuti Mayi Matewere sadziwa za ana makumi asanu pachisakasa chimodzi, ndipo ine ana anga ndimawadziwa ndi maso. Ndinalisiya.

Chaka chachisanu

Zione anabwera ali ndi zaka zisanu. Mayi ake ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Blantyre, iye ankakhala ndi anganga ake, mayi wokalamba amene anali ndi kamunda ka mpunga ku sikimu ya mthirira. Anali mwana wofatsa, wa maso akuluakulu. Ankakhala patsogolo penipeni, maso ake osachoka pakamwa panga. Poyamba ndinkamuyamikira pa anzake. Tikamanena pagulu milomo yake inkayenda bwinobwino. Koma pa masewera otsinzina ankasuzumira. "Iwe Zione, wakuba ndi maso iwe, tsinzina." Akatsinzina dzanja lake silinkakwera, kapena linkakwera mochedwa atamva mphepo ya dzanja la mnzake. Pa zitsekerero ankayang'ana za wapambali n'kuika chimodzimodzi. Ndikamuitana ali chopenya kwina sankatembenuka. Ine ndinalitcha dzina vutolo, ndinati ndi mwano.

Tsiku lina nditamuitana katatu ndinapita n'kumukoka khutu lakumanzere. Sindinakoke kwambiri, koma anakuwa ngati ndamuotcha. Zala zanga zinanyowa ndipo zinkanunkha. Ana anga, ndinapukutira zalazo pachitenje n'kunena mumtima kuti anganga ake samusambitsa. Ndi zokhazo zimene ndinaganiza, ine amene ndinakhala masabata awiri ndikuphunzira za khutu.

Abiti Saidi anandiuza tikutsuka makapu. "Che Madamu, mwana uyu ndikaitana za phala satembenuka. Ine ndalera asanu ndi awiri. Mwana wamwano amakana ntchito, sakana phala." Ndinamuyankha mawu amene mpaka lero amandiwotcha. Ndinati, "Inu zanu ndi mthiko, za kalasi mundisiyire." Anangoti, "Sikomo," n'kupitiriza kutsuka.

Tsono panali chizolowezi chimene sindinachiyambitse ine, koma ndinachilandira ndi manja awiri. Kukamabwera alendo oyendera sukulu, ana otsalira ankauzidwa kuti apume tsiku limenelo. A Chikopa ankachinena mokoma. "Mlendo akamabwera, mbale yong'aluka timaibisa kuseri. Si kudana nayo mbaleyo ayi." Nthawi ya mpunga zinali zosavuta kwambiri, chifukwa mpunga ukayamba kucha banja lililonse limafuna munthu wokhala pansanja kumunda, kukoka chingwe cha zitini ndi kukuwiza mpheta. Ndinkangodutsa pakhomo pa anganga ake dzulo lake n'kunena kuti, "Mawa Zione apume, akakuthandizeni mbalame." Gogoyo ankawomba m'manja. "Madamu, inu nokha ndi amene mumatiganizira okalambafe." Ulendo wina ananditumizira mpunga watsopano m'kambale. Tinaphika, ndipo munadya nonse.

Chaka chimenecho mvula itatha inabwera kalata yoti Mayi Matewere akubwera ndi alendo kudzasankha mlezi mmodzi woti aziphunzitsa alezi anzake m'dera lonse. Tinasesa mpaka kumsewu. Ndinachapa zitsekerero ndi sopo. Mbale yong'aluka chaka chimenecho inali imodzi yokha, ndipo ndinaitumiza ku mbalame.

Phunziro linayenda ngati madzi. Ana anatsinzina, manja anakwera pamodzi. Kamwana kena ka zaka zinayi kanayala zitsekerero za "fulu" kokha, alendo anawomba m'manja. Titamaliza, Mayi Matewere anaitana mtsikana wina amene anatsala m'galimoto, atanyamula chikwama. Anati, "Awa ndi achipatala. Tayamba kuyenda nawo chifukwa ana ambiri amene maliwu amawavuta, vuto limakhala m'khutu. Aona mwana aliyense lero. Wopezeka ndi vuto alandira mankhwala pompano ndi kalata ya kuchipatala chachikulu." Mtsikanayo anatulutsa katochi kosuzumirira m'khutu, ana anafola. Pamene ndinaona katochiko ndinakumbuka fungo lija pazala zanga, ndipo zonse zinalumikizana nthawi imodzi, maso aja pakamwa panga, kusuzumira kuja, mawu a Abiti Saidi. Sindinganene kuti sindinkadziwa. Pa mphindi imeneyo ndinadziwa.

Mzere utatha Mayi Matewere anandiyang'ana akumwetulira. "Alipo amene sanabwere lero? Galimoto ilipo, tikhoza kukamutenga." Pamene ndinaimapo minda inkaoneka kumunsi, ndipo mphepo inkabweretsa kulira kwa zitini. Ulendo wake sukanatha ngakhale theka la ola. Koma akanafunsa kuti mwanayo akutani kumunda tsiku la sukulu, ndipo gogoyo akanayankha mosangalala kuti ndi Madamu anamupumitsa. A Chikopa anatsokomola. Abiti Saidi anasiya kuvundula phala, mthiko uli m'manja, akundiyang'ana.

Ndinati, "Onse ndi omwewa."

Galimoto itapita anthu anavina. A Chikopa anandigwira chanza ndi manja awiri. Abiti Saidi anakwecha mphika wake mpaka unawala, anaudendekera pamutu, n'kuima pafupi nane. Anayankhula motsitsa kuti ena asamve. "Inu mumapemphera Lamlungu, ine Lachisanu. Koma amene wamva zija ndi mmodzi." Kuchokera tsiku limenelo anasiya kunditcha Che Madamu. Ankangoti Madamu, ngati wina aliyense.

Chaka chachisanu ndi chimodzi

Anandisankha. Satifiketi ya pabalaza ija inabwera pamodzi ndi njinga yatsopano ya belu. Masiku atatu pasabata ndinkayendera sukulu za mkombaphala, kuchokera kutsinde kwa phiri mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Domasi. Kwina kunalibe ufa wa phala mwezi wathunthu, ana ankabwera ochepa. Kwina kunalibe ndi chitseko chomwe cholembapo, tinkalemba pamchenga. Zitsekerero zikasowa tinkagwiritsa ntchito njere za bwemba. Alezi ankandilandira ndi ulemu, ankandiyalira mkeka. Ndipo kulikonse ndinkamaliza ndi lamulo lija, ndi pakamwa panga pomwepa. "Muime kumbuyo kwa mwana, asaone pakamwa panu." Ankalemba m'makope mwawo.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinamutengere Zione kuchipatala mwakachetechete sabata yotsatira. Inenso ndadzifunsa. Ndinkati ndipita ndikamaliza ulendo uno, ndipita mvula ikatha. Choonadi n'chakuti kupita naye kunali kuvomera, ndipo ndinkaopa kuti gogoyo adzandifunsa kuti ndinadziwa liti. Zengerezu adalinda kwaukwau. Zione anapita ku Sitandade 1. Kumeneko ana anali ochuluka kuposa kwathu, anamukhazika kumbuyo, sanatole kanthu. Teremu yachiwiri isanathe anangosiya. Mpunga utachanso ndinkadutsa panjinga m'mbali mwa sikimu n'kumuona pansanja, kansalu katamangidwa kumutu, akukoka chingwe. Ndinkaliza belu. Sankatembenuka. Ndinkapalasa mofulumira.

Pemphero linayamba kundikanika. Ndikagwada mawu ankatuluka, koma ankangofika padenga. Mgonero wa Ambuye unadutsa kawiri ine nditakhala pansi. Bambo anu anafunsa, "Amake Tadala, mwayambana ndi ndani?" Ndinati palibe. Anati, "Ndiye mwayambana ndi Mwini wake." Sanafunsenso, anali munthu wotero.

Zinaphulika pa maphunziro a alezi amene tinachitira m'kalasi ina ku Songani. Munali alezi pafupifupi makumi awiri, ndipo Mayi Matewere anakhala kumbuyo kudzaona momwe ndikuphunzitsira. Nditanena lamulo lija, mlezi wina wachitsikana anakweza dzanja. "Madamu, inuyo munayamba mwapezapo mwana wosamva mwa njira imeneyi? Munamuthandiza bwanji?" Linali funso la munthu wofuna kuphunzira, lopanda msampha. Yankho labodza linali kale palilime, losalala bwino. Ndinayang'ana choko m'manja mwanga, choko chenicheni cha m'bokosi, osati makaka. Ndinadziwa kuti ndikanama apa ndiye kuti ndasankha mpaka kalekale, ndipo ndikanena zoona njinga, ulemu ndi dzina zithera m'kalasi momwemo. Ndinati mumtima, Ambuye ndigwireni pakamwa, ndipo ndinayamba. Ndinanena zonse, za khutu limene ndinakoka, za mbalame, za katochi, za mawu atatu aja.

Mlezi wofunsa uja anawerama ngati wolakwa ndi iye. Ndinkayembekeza kuti Mayi Matewere akalipa, ndipo bwenzi zitandipepukira. Iwo anangofunsa ali chikhalire, "Lero mwanayo ali kuti?" Ndinati, "Ku mbalame." Anati, "Nanga inu mukutani pano?" Ndikutuluka m'kalasimo ananditsatira. "Ntchito yoyendera sukulu ndipereka kwa wina, mukudziwa chifukwa chake. Njinga musabweze. Ikanyamule mwanayo."

Ndinapita molunjika kwa anganga ake. Ndinawapeza akupeta pakhonde. Ndinagwada pansi, osati pamkeka, n'kufotokoza. Anamvetsera lichero lili pamiyendo. Nditamaliza anakhala nthawi yaitali akutola timiyala mu mpungamo. Kenako anati, "Mpunga uja ndinakutumizirani unakoma?" Anati, "Ine ndinkakudalitsani potchula dzina, Madamu. Ndinkati Mulungu asunge mayi uyu." Ndinalira. Iwo sanalire. "Misozi simankhwala a khutu. Mutengeni mawa. Koma mpheta sizidziwa za chipatala. Masiku amene iye kulibe, pansanja pakhale inuyo."

Ndinakhalapodi. Mpaka mpunga unakololedwa, Loweruka lililonse ndi madzulo alionse amene Zione anali ndi ine kapena kuchipatala, wina wa m'nyumba mwathu anali pansanja ija, ndipo kawirikawiri ndinali ine. Madamu wa satifiketi, kukoka zitini ndi kukuwiza mbalame. Odutsa ankati, "Madamu, mwasamutsira kalasi kuno? Mphetazo zafika pa liwu liti?" A Chikopa anakhala chaka osandipatsa moni, ankati ndachotsa mudzi ulemu. Abiti Saidi anabwera tsiku lina ndi chikho cha thobwa, anakhala pansi pa nsanja n'kunena kuti, "Che Madamu, kokani mwamphamvu, zakumanzerezo zikudya." Thobwa limenelo sindidzaliiwala.

Kuchipatala ku Zomba adokotala anasuzumira nthawi yaitali. Anati khutu lakumanja lipola ndi mankhwala. Lakumanzere mafinya anali atadya mkati, silidzamvanso. Ndinafunsa ngati likanapulumuka chaka chapitacho. Anati sangalumbire, koma mwayi unalipo waukulu. Kenako anafunsa ngati ndine mayi ake. Ndinati ndine mphunzitsi wake. Anati, "Mwachita bwino kuzindikira, amayi. Aphunzitsi ambiri saona zimenezi." Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Zaka zotsatira

Ndinabwerera kuchisakasa changa, ndipo masana Zione ankabwera pakhonde pano. Tadala ukukumbuka, unkadandaula kuti ndimamukonda kuposa inu. Tsopano wadziwa kuti sichinali chikondi chokha. Ndinkakhala kudzanja lake lamanja. Ndinkagwiritsa dzanja lake pakhosi panga kuti amve kunjenjemera kwa mmm, n'kuliika patsogolo pa milomo yanga kuti amve kamphepo ka fff. Zinali zochedwa. Mwana amene wakhala zaka akuwerenga milomo safuna kukhulupirira khutu. Masiku ena ankamwaza zitsekerero n'kuthawa, ine n'kumazitola mumchenga. Patatha miyezi isanu, tsiku lina ndili kumbuyo kwake ndinanena "mpunga". Anayamba kukankha zitsekerero chimodzichimodzi, akutchula yekha, osatembenuka. Bambo anu anali akukonza njinga pabwalo. Anasiya sipanala n'kuvula chipewa ngati ali m'tchalitchi.

Anabwerera kusukulu ali wamkulu pa anzake onse, ndipo ankamuseka. Anapirira mpaka Sitandade 8. Ankanena kuti akufuna kudzakhala namwino, koma m'kalasi yaphokoso khutu limodzi silikwanira, ndipo mayeso sanamuyendere. Anaphunzira kusoka, lero ali ndi makina ake pakhonde la golosale ku Songani. Amalemba yekha miyeso ya makasitomala, amawerenga Baibulo lake. Anthu amati ndinamuthandiza. Ine ndimadzifunsa kuti akanafika pati ndi makutu awiri, ndipo funso limenelo ndidzapita nalo kumanda.

Ndinagwira ulezi zaka zina khumi ndi zisanu mpaka mawondo anakana. Teremu iliyonse ndinkaima kumbuyo kwa mwana aliyense, ena amenyane, phala lizizire. Abiti Saidi ankawaimbitsa nyimbo zachiyao kuti ndimalize. Ndinapeza ana ena angapo, ndipo anathandizidwa nthawi ikadalipo. Alendo akamabwera ana onse ankakhalapo, wamamina, wolira, wosadziwa ndi liwu limodzi lomwe. Sitinasankhidwenso pa chilichonse. Ndikuthokoza Mulungu pa zaka zimenezo, zinali zabwino kuposa chaka cha njinga.

Chaka chino

Kupatula inu, munthu mmodzi yekha ndinali ndisanamuuze, Zione mwini wake. Anganga ake anamwalira osamufotokozera, ine ndinkati akadali mwana, kenako ndinkati papita nthawi. Mwezi watha anabwera kudzandiona ndi mwana wake wamkazi wa zaka zinayi, dzina lake Pemphero. Anandibweretsera bulauzi imene anasoka. Mwanayo akusewera pabwalo, ndinasuntha n'kukhala kudzanja lake lamanja monga kale, ndipo ndinamuuza.

Anamvetsera mutu utapendekeka. Nditamaliza anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Madamu, za mbalamezo ndinkadziwa. Ndikaona mwasesa mpaka kumsewu ndinkadziwa kuti mawa ndi langa la kumunda. Ndinkaganiza kuti n'chifukwa cha fungo, kuti alendo angalimve." Anasalaza bulauzi ija pamwendo. "Za achipatalazo ndiye sindinkadziwa." Ndinamupempha kuti andikhululukire. Anati, "Mundipatse masiku, Madamu. Munandiphunzitsa kuwerenga, zimenezo sizichoka. Izi nazo ndangozimva lero. Zonse ziwiri ndi zanu."

Kenako anaitana mwanayo n'kumuimika patsogolo pake, atamugwira mapewa. "Chimene ndinabwerera ndi ichi. Ayamba mkombaphala teremu ikubwerayi, ndipo masiku ena ndikamuitana amachedwa kutembenuka. Mwina ndi masewera chabe. Ine sindingamuyese bwino, kunong'ona kwanga sindikumva kukula kwake. Imani kumbuyo kwake."

Ndinadzuka ndi ndodo yanga. Ndinaima kumbuyo, chakumanzere, n'kunong'oneza motsitsa kwambiri, "Nthochi." Mwanayo anatembenuka nthawi yomweyo. "Ili kuti?" Ndinapita chakumanja n'kunena, "Chigumu." Anati, "Amama, agogowa akungonena zakudya koma sakupereka." Zione anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Ndinalowa m'nyumba kukatenga nthochi ziwiri zimene ndinasungira tiyi wa mawa lake.

Yankho lake sanandipatsebe, ndipo sindikumufulumizitsa. Iye anandidikira chaka chathunthu pansanja. Loweruka lapitali anatumiza uthenga woti ndipite akandiyese, bulauzi ija ikufunika kubweza m'manja. Ndipita.

Ana anga, satifiketi ija musaichotse pakhoma. Ndikadzapita mudzatsegule galasilo n'kuika mapepala awa kumbuyo kwake, kuti wodzanyadira nayo adzawerenge mbali zonse ziwiri. Ambuye amene anandimva ndikunama, n'kundidikira mpaka ndinanena zoona, akusungeni inu ndi ana anu.